Kuchokera kwa Kapalepale Kufika ku Peckham: Kodi Nthabwala Zamakono Zikufika pa Zakale?

Amalawi okhala mumzinda uno wa London tikakumana, kaya ndi pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu pa 6 July, kaya pa chinkhoswe, kaya pa siwa m'nyumba ya mnzathu amene walandira uthenga wa maliro kuchokera kumudzi, pali mkangano umodzi umene sulephera kubuka nsima ikatha. Wina amangotchula dzina la Izeki ndi Jakobo, wina n'kukumbutsa za Kapalepale, ndipo posakhalitsa akuluakulu onse amagwirizana chimodzi: masiku ano nthabwala kulibe, za pa kanema zamakonozi ndi phokoso chabe. Ana athu, amene anabadwira kapena kukulira kuno, amangoyang'anana n'kubwerera ku mafoni awo, kumene akuseka zinthu zimene ife sitikuziona.

Nkhaniyi ingaoneke yachibwana, koma si yochepa ayi. Ena mwa ife ntchito yathu ndi yoyendera mabanja m'madera osiyanasiyana a mzinda uno, ndipo timaona kawirikawiri nyumba ya anthu asanu momwe aliyense ali pakona pake ndi kanema wake m'manja. Banja limene lasiya kusekera pamodzi limayambanso kusowa pokambira zinthu zovuta, pakuti kwathu mawu olemera amalowera pa khomo la nthabwala. Choncho, abale ndi alongo, tiyeni tiufufuze mkanganowu modekha potsata mbiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife a kuno tinamwa madzi a mitsinje iwiri, wa kwathu ndi wa ku Mangalande, ndipo tiyenera kuitsata yonse tisanagamule mlandu.

Kumene tinaphunzira kuseka

Makolo athu sanadikire wailesi kuti adziwe kuseka. Pa bwalo la gule wamkulu pankatuluka, ndipo pamatulukabe, zilombo zonga Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, zimene zinkaseweretsa alendo obwera ndi zovala ndi makhalidwe achilendo. Msuweni anali ndi ufulu wokunena chilichonse popanda mlandu. Ngakhale pa maliro, adzukulu okumba manda ankaponya nthabwala zimene munthu wina sakanayerekeza kuzitulutsa pakamwa. Phunziro lake ndi lakuti kwathu nthabwala inali njira youzira munthu choonadi chimene sungamuuze pomuloza chala.

Nyumba youlutsa mawu ya MBC inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 ndiyo inali wailesi yokhayo ya m'dzikomo. Anansi athu anali ndi kanema kale: ku Salisbury, Harare ya lero, anayamba kuonetsa mu 1960, ndipo ku Kitwe, m'dziko limene tsopano ndi Zambia, anayamba mu 1961. Ife tinadikira mpaka mwezi wa April 1999 pamene Television Malawi inatsegulidwa. Kuchedwa kumeneku kunali ndi mphatso yake. Nthabwala zathu zinakulira m'khutu. Wazisudzo wa pa wailesi analibe nkhope yoti akwinye kapena chipewa chong'ambika choti avale. Chuma chake chonse chinali mawu, kamvekedwe ka mawuwo, ndi kudziwa nthawi yokhalira chete.

Amene tinakula nthawi imeneyo tikukumbukira wailesi ya Nzeru itaikidwa pa mpando pakhonde, mabatire atayanikidwa padzuwa masana kuti apirire mpaka sewero lithe, anansi opanda wailesi atakhala pamphasa. Tikukumbukira Kapalepale wa a Smart Likhaya Mbewe, Pamajiga, ndi Sewero la Sabata Ino. Nkhani zake zinali za pakhomo ndi za kuntchito: mlamu wobwera kutauni osanena tsiku lobwerera, ngongole yosabwezedwa, mowa, nsanje, bwana ndi wantchito wake. M'mawa mwake pachitsime, pachigayo ndi m'basi aliyense ankakamba sewero lomwelo, chifukwa aliyense anamvera lomwelo.

Tisaiwale kuti azisudzowa ankagwira ntchito ali ndi chingwe m'khosi. Lamulo la m'chaka cha 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo sewero la pa siteji linkayenera kuloledwa lisanaonetsedwe. Mawu olakwika okhudza Ngwazi kapena chipani akanatha kumufikitsa munthu ku Mikuyu, kumene mlakatuli Jack Mapanje anasungidwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. N'chifukwa chake masewero a pa wailesi ankapewa ndale n'kukhazikika pa za m'banja. Amene ankayandikira moto anali a pa siteji, monga Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata limene linayamba mu 1987, ndipo iwonso ankadutsira m'zining'a ndi m'mikuluwiko. Mantha ndi chinthu choipa ndipo sitikuwalakalaka, koma anaphunzitsa olemba kunola liwu lililonse, ndipo anaphunzitsa omvera kutchera khutu.

M'sukulu imeneyi ndi mmene munatuluka John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linawadziwa monga Izeki ndi Jakobo. Anali a gulu la Kwathu, limene linasankha kusewera m'Chichewa pa nthawi imene zisudzo zolemekezeka zinkaganiziridwa kuti ndi za m'Chingerezi. Awiriwa sankasowa nyumba yokongoletsedwa kapena zipangizo zambiri. Ankangoimirira n'kuyamba kukambirana, wina ngati wodziwa zinthu, wina ngati wosokoneza, liwu limodzi n'kulitembenuza mpaka litabala matanthauzo atatu, ndipo pomaliza sunkadziwa kuti wopusa ndani. Anthu ankadzaza French Cultural Centre ku Blantyre, makaseti awo ankamveka m'maminibasi, ndipo kanema atabwera anawapeza atapsa kale. Nyanga anatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021.

Kanema wa dziko lathu anabweranso ndi Tikuferanji, sewero lokonzedwa ndi bungwe la ADRA, limene linatchukitsa Michael Usi monga Manganya. Linafika pa nthawi imene Edzi inkakolola anthu m'banja lililonse pomwe ambiri tinkangoti wamwalira atadwala nthawi yaitali. Seweroli linaseketsa anthu n'kuwayankhulitsa za chiwerewere, za chokolo ndi za kuyezetsa magazi, zinthu zimene pa guwa ndi pa bwalo la mfumu zinkanenedwa mozungulira. Kukula kwa mphamvu ya nthabwala kwathu kunaonekera poyera pambuyo pake: Bon Kalindo, wodziwika monga Winiko, anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2014, ndipo Usi anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira mu June 2024 mpaka 2025.

Zimene tinapeza kuno

Ambiri mwa ife tinafika ku Mangalande chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ena monga anamwino, ena monga ophunzira. Madzulo a nyengo yozizira, m'tizipinda ta lendi, tinakumana ndi mtundu wa sewero umene eni dziko amautcha sitcom. Malamulo ake ndi osavuta: anthu omwewo, malo omwewo, mphindi 30, vuto latsopano sabata iliyonse, ndipo pomaliza aliyense abwerera pamene anali.

Chodabwitsa n'chakuti nawonso anayambira m'khutu ngati ife. Hancock's Half Hour linayamba pa wailesi ya BBC mu 1954 ndipo linalowa pa kanema mu 1956. Olemba ake, Ray Galton ndi Alan Simpson, anakumana ali anyamata m'chipatala cha odwala chifuwa chachikulu. Mu 1962 awiriwa anatulutsa Steptoe and Son, nkhani ya bambo ndi mwana wake otola zinthu zakutha pa ngolo ya hatchi ku Shepherd's Bush. Mwanayo amafuna kuthawa umphawi n'kukayamba moyo wake, koma sabata iliyonse bambo wokalambayo amapeza njira yomugwirira mwendo. Mmalawi aliyense amene anakokedwapo pakati pa maloto ake ndi udindo wa kwa makolo safuna womasulira kuti amve seweroli. Masewero ambiri otere ankajambulidwa pamaso pa anthu oonerera, ambiri a iwo ku Television Centre ku White City, imene inatsegulidwa mu 1960. Nthabwala ikakhala yozizira, chete wa m'holo ankaulula pomwepo, ndipo wolemba analibe pobisala.

Pachimake pa mwambo umenewu panali Only Fools and Horses la John Sullivan, limene linayamba mu 1981. Del Boy, amene ankaseweredwa ndi David Jason, ndi munthu wa geni wa ku Peckham, wogulitsa katundu wokayikitsa kuchokera m'kagalimoto kachikasu ka matayala atatu, wokhala m'nyumba za khonsolo zotchedwa Nelson Mandela House, amene chaka chilichonse amalonjeza mng'ono wake kuti chaka chamawa adzakhala mpondamatiki. Tonse tinamuzindikira, pakuti tinamusiya mu msika wa Limbe ndi wa Lilongwe. Gawo limene linaonetsedwa pa 29 December 1996 linaonedwa ndi anthu 24.3 miliyoni. Chiwerengero chimenechi chikunena za ubwino wa sewerolo, komanso chikunena za nthawiyo: nyumba zambiri zinali ndi matchanelo anayi okha, popeza Channel 5 inadzayamba mu 1997. Angerezi nawonso anali ndi khonde lawo ndi wailesi yawo ya Nzeru.

Amene ankasekedwa

Koma amene amati zakale zonse zinali zabwino ayenera kuyankha funso ili: ankasekedwa ndani? Till Death Us Do Part, limene linayamba m'zaka za m'ma 1960, linali ndi Alf Garnett, bambo wa kum'mawa kwa London wodana ndi alendo ndi anthu akuda. Mlembi wake, Johnny Speight, ankafuna kuti anthu aseke kupusa kwa tsankho, koma oonerera ambiri ankaombera m'manja tsankholo. Love Thy Neighbour, la 1972 mpaka 1976, linamanga nthabwala zake pa mzungu amene wakwiya chifukwa banja la anthu akuda lasamukira pafupi naye, ndipo mayina onyoza ankaponyedwa sabata ndi sabata nthawi imene ana ali maso.

Nanga Mind Your Language, la 1977 mpaka 1979? Linatchuka m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia, ndipo ambiri mwa ife tinaseka nalo mpaka misozi tisanakwere ndege. Ndi nkhani ya kalasi ya alendo ophunzira Chingerezi mu London, aliyense atavekedwa chizindikiro cha dziko lake ngati mbuzi ya pamsika. Michael Grade, amene anali mkulu woona mapulogalamu ku London Weekend Television, analiimitsa chifukwa cha kunyoza kumeneku. Ife tinadzamvetsa chifukwa chake mochedwa, tsiku limene wodwala amene tinkamusamalira, kapena mnzathu wa kuntchito, anayeseza kalankhulidwe kathu ena n'kuseka. Tinazindikira kuti m'kalasi muja wophunzirayo tinali ife.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. The Fosters, la 1976, linali sewero loyamba la mtunduwu kuno limene osewera ake onse anali akuda, ndipo mnyamata Lenny Henry anali momwemo. Koma limene linatsegula chitseko kwenikweni ndi Desmond's, lolembedwa ndi Trix Worrell wochokera ku St Lucia, limene Channel 4 inaonetsa kuyambira 1989 mpaka 1994, magawo 71. Malo ake ndi shopu yometa tsitsi ku Peckham komweko. Norman Beaton ankasewera Desmond, mmeti wochokera ku Guyana amene amangolota zobwerera kwawo kukakhala m'nyumba ya maloto ake, pomwe ana ake London ndiye kwawo. M'shopumo simunkasowa Matthew, wophunzira wa ku Gambia amene sukulu yake sinkatha, woseweredwa ndi Gyearbuor Asante wa ku Ghana. Ndani mwa ife sadziwa Desmond wa ku Zomba kapena Matthew wa ku Mzimba? Apa nthabwala inatembenuka: m'malo moti alendo asekedwe ndi eni dziko, alendowo anayamba kudziseka okha, mwa chikondi, kuchokera m'kati mwa nyumba.

Pamene bwalo linabalalika

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kalembedwe kanasintha. The Royle Family, la 1998, ndi The Office, la 2001, anachotsa anthu oonerera ndi kuseka kwa m'holo. Nthabwala inasamukira pa manyazi, pa chete wotalika, pa munthu amene sakudziwa kuti akudzichotsa ulemu. Kwa khutu lozolowera Izeki ndi Jakobo, zimenezi poyamba sizimveka ngati nthabwala n'komwe. Kenako kaonedwe kanasinthanso. BBC iPlayer inayamba mu 2007, Netflix inafika kuno mu 2012, ndipo mu 2013 BBC inasamuka ku Television Centre, gawo lalikulu la malowo n'kusanduka nyumba zogona. Munthu aliyense anapatsidwa ufulu woonera chimene akufuna pa nthawi imene akufuna, ndipo nthawi yoonera pamodzi inafa imfa yachete.

Komatu nthawi yomweyi ndi imene inapatsa ana a Afirika mwayi wolemba nkhani zawo. Meet the Adebanjos linaonetsa banja la ku Nigeria ku Peckham, makolo akulimbana ndi ana amene akukula ndi nzeru za kuno. Michaela Coel, mwana wa makolo a ku Ghana wokulira kum'mawa kwa London, analemba ndi kusewera Chewing Gum kuyambira 2015, nkhani ya mtsikana wa m'banja lopemphera kwambiri amene akufuna kudziwa dziko, ndipo analandira mphotho ya BAFTA mu 2016. Idris Elba anatulutsa In the Long Run mu 2018, potengera ubwana wake: banja la ku Sierra Leone ndi Ghana mu London wa m'zaka za m'ma 1980, limene mtendere wake umasokonekera mng'ono wa bambo atatsika ndege ndi chikwama. Ameneyu si mlamu uja wa m'masewero a MBC? Dreaming Whilst Black la Adjani Salmon, limene linayambira pa intaneti, linafika pa BBC monga sewero lathunthu mu 2023.

Ifenso tili ndi wathu. Daliso Chaponda anafika pa nambala yachitatu mu mpikisano wa Britain's Got Talent mu 2017, ndipo pambuyo pake anakhala ndi pulogalamu yake pa BBC Radio 4 yotchedwa Citizen of Nowhere. Mmalawi anaimirira pamaso pa Angerezi n'kuwaseketsa za utsamunda, za thandizo la maiko olemera ndi za mmene amationera. M'masiku a Mind Your Language zimenezi zikanakhala maloto a chumba.

Tigamule bwanji?

Choyamba, tivomereze kuti kukumbukira kuli ngati lichero: kumasunga mphale n'kutaya gaga. Tikamati zakale, timatchula masewero asanu kapena khumi amene anapirira, n'kuwayerekeza ndi zonse zimene zatuluka chaka chino, zabwino ndi zoipa zomwe. Fawlty Towers, limene ambiri amaliika pamwamba, lili ndi magawo 12 okha, a 1975 ndi 1979, ndipo m'zaka zomwezo munatuluka masewero ochuluka amene lero palibe amawakumbuka. Komanso BBC inkafufuta matepi kuti ijambulirepo zina, moti magawo ena a Till Death Us Do Part ndi a Dad's Army anatayika. Zakwathu nazo n'zovuta kuzipeza kuti tizimverenso. Nthawi zambiri chimene tikutamanda si sewero lokha, koma khonde lija, agogo amene anali moyo, ndi ubwana wathu.

Chachiwiri, pa luso la chiyankhulo, akuluakulu ali ndi mfundo, makamaka pa zakwathu. Nthabwala zambiri za Chichewa lero zimafika pa Facebook, pa TikTok ndi pa WhatsApp, zotalika mphindi imodzi kapena ziwiri. Achinyamata ozipanga ali ndi luso ndi changu, ndipo amayankha nkhani ya m'mawa dzuwa lisanalowe, zimene Kapalepale sakanaloledwa kuchita. Koma m'mphindi imodzi simungakule munthu wonga Manganya kapena Del Boy, amene timamudziwa ngati mbale wathu chifukwa takhala naye zaka. Kaamba ka kufupika, ambiri amadalira kukuwa, zovala zoseketsa ndi kutukwana. Vuto si kusowa kwa mphatso koma kusowa kwa munda. Kukopera makaseti ndi ma CD mwakuba kunadya phindu la azisudzo, ndipo masewero aatali ambiri anayamba kudalira ndalama za mabungwe, amene amafuna uthenga wawo umveke. Tikuferanji linatha kusenza uthenga ndi nthabwala pamodzi, koma ambiri otsatira anatsala ndi ulaliki wokha.

Chachitatu, pa funso la amene akusekedwa, zamakono zapambana, ndipo tisachite manyazi kunena. Mwana wathu woonera Chewing Gum kapena In the Long Run amaona munthu wofanana naye ali mwini nkhani, osati chidole cha pakona. Ndipo tisaloze Angerezi okha. Nthabwala zathu zakale nazo zinkakonda kuseka munthu wakumudzi wosochera m'tauni, kalankhulidwe ka mitundu ina, wolumala, ndi mkazi amene banja lamuvuta. Tikumbukirenso kuti mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa MBC ndipo chinabwereranso ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Pamene tikuti dziko lonse linkasekera pamodzi, abale athu ena ankaseka m'chiyankhulo chimene sanayamwe.

Chachinayi ndicho chachikulu. Sewero lakale linkalembedwa podziwa kuti agogo, apongozi ndi mwana wa sitandade 3 akhala pamphasa imodzi. Wolemba ankayenera kupeza liwu limene wamkulu alimva mbali ina, mwana mbali ina, onse n'kuseka popanda wochita manyazi. Limeneli ndi luso lovuta koposa, ndipo ndi lachibale ndi zining'a za makolo athu. Sewero lamakono limalembedwera gulu lake lokha. Chewing Gum ndi lolembedwa bwino, koma palibe Mmalawi angalionere ali ndi apongozi ake. Choncho yankho lathu ndi ili: olemba a lero sachepa nzeru poyerekeza ndi akale, ndipo pa zina amawaposa, chimene chatayika ndi bwalo. Ngakhale bwalolo silinafe kotheratu. Pa Khirisimasi ya 2024, gawo lomaliza la Gavin & Stacey linasonkhanitsa anthu oposa 12 miliyoni usiku umodzi, umboni wakuti njala yosekera pamodzi ikadalipo.

Ntchito yatsala kwa ife

Madzi akatayika saoleka. Sitingabwezere ana athu ku wailesi imodzi, ndipo palibe wanzeru angalakelake chingwe chija cha m'khosi. Koma pali zimene tingachite. Ambiri tili ndi makaseti ndi ma DVD a Izeki ndi Jakobo m'masutikesi amene tinabwera nawo. Tiwatulutse tisanawataye posamuka nyumba, tiwasunge m'kompyuta, tibwerekane. Tikhale pansi ndi ana n'kuonera limodzi, ndipo pamene sanamve, tiimitse n'kufotokoza. Mwana amene waseka nthabwala ya m'Chichewa popanda womumasulira wafika pamene chiyankhulo chakhala chake, chifukwa nthabwala ndiyo khomo lomaliza la chiyankhulo chilichonse. Kenako ifenso tidzichepetse, tiwapemphe ationetse zimene zimawaseketsa, ndipo atifotokozere. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani iyi ana athu ndi ife tonse ndife alendo kwa wina ndi mnzake.

Pomaliza, tidzifunse chifukwa chimene a ku Guyana, a ku Nigeria ndi a ku Sierra Leone anaika moyo wawo wa mu London pa kanema, pomwe wathu ukungothera m'macheza a pa siwa. Nkhani tili nazo zodzaza nkhokwe: foni ya pakati pa usiku yoyamba ndi moni wautali n'kuthera pa fetereza, nyumba ya ku Area 25 imene yakhala ikufika pa lintala kwa zaka khumi, mayi amene kwawo anali mkulu wa ofesi koma kuno akuthamangira basi ya usiku, mwana woyankha agogo pa foni m'Chichewa chopindika, agogowo n'kumuyankha m'Chingerezi chopindika. Izeki ndi Jakobo analibe chilichonse choposa anthu awiri ndi chiyankhulo chakuthwa. Pakati pa ana amene amangoyang'ana mafoni pamene ife tikukangana, mwina pali amene adzalembe sewero limenelo. Adzalilemba pokhapokha ngati anatimvapo tikuseka, ndipo tinamuuza chimene tinkaseka.